Chofooka cha Buku la Roget pa Mawu Atatu Onena za Kufunsa

Buku la Peter Mark Roget lotchedwa Thesaurus, limene linasindikizidwa koyamba ku London m'chaka cha 1852, limasonkhanitsa mawu motsata ganizo limene ali nalo. Pa mutu wa kufufuza tikupezapo ask, question ndi interrogate atandandalikidwa pamodzi popanda chowasiyanitsa. Apa ndi pamene ife tikuona chofooka cha bukuli.

Mawu atatuwa magwero awo ndi osiyana: loyamba ndi la Chingerezi chakale, lachiwiri linadzera ku Chifalansa, lachitatu linatengedwa ku Chilatini. Kulemera kwawo nakonso n'kosiyana. Loyamba amanena ngakhale za mwana wofunsa njira; lachiwiri limasonyeza kuti wofunsayo akufufuza kapena akukayika; lachitatu ndi la wapolisi wopanikiza munthu amene wamugwira.

Tsono woimbidwa mlandu akanena kuti anamupanikiza ndi mafunso usiku wonse, womasulira n'kunena ask, woweruza sangadziwe kuti munthuyo anavomera mlandu mokakamizidwa. Nchifukwa chake tikuti womasulira asadalire Roget yekha, koma atsate njira ya George Crabb, amene m'buku lake la 1816 anafotokoza kusiyana kwa mawu ofanana, limodzi ndi limodzi.