Kope la mwana wanga ndi azakhali a mufilimu ya ziphaniphani

Sabata ino mpata wagwera ine, ndiye mundipirire. Ine si mphunzitsi ayi. Ndimagulitsa mpunga, nyemba ndi nandolo pamsika wa Namadzi, pamsewu wochoka ku Blantyre kupita ku Zomba, ndipo sukulu ndinalekezera Fomu 4. Chomwe ndikufuna kuunika lero si buku losindikizidwa, koma masamba 6 a m'kope la mnyamata wa Fomu 3, olembedwa ndi bolopeni, okamba za filimu ya katuni ya ku Japan. Mwini wake wandilola, bola ndisatchule dzina.

Mnyamatayu ndi mwana wa malemu achemwali anga. Kwathu kuno mwana wa achemwali ako ndi wako ndithu, ndiye ine ndimati mwana wanga, iye amati mayi aang'ono. Ndakhala naye kuyambira 2021, pamodzi ndi anga awiri obereka ndekha.

Makatuni a ku Japan amenewa, omwe eni ake amati anime, anafika kalekale ngakhale kuno kumudzi. Ana amakalowetsa pa memory card kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, kenako n'kuunjikana pafoni imodzi, mitu isanu. Mukawamva akucheza, nkhani yake imakhala imodzi: atakumana Goku ndi Naruto, angagwe ndani? Ine sindinyoza zimenezo, chifukwa ngakhale azibambo akuluakulu amathera tsiku pa Bullets ndi Wanderers. Koma ndinkaganiza kuti nkhani za makatuni zimathera pamenepo basi.

Tsiku lina ndikufuna pepala loti ndilembepo ngongole za makasitomala, ndinatola kope lake la sukulu n'kutsegula chakumapeto. Ndinapeza mutu wolembedwa m'zilembo zikuluzikulu wofunsa ngati azakhali analakwa. Mtima unagunda. Ndinawerenga nditaimirira, ndipo nditafika tsamba lachiwiri m'pomwe ndinazindikira kuti akukamba za filimu. Madzulo ndinamuuza kuti ndawerenga, ndinapepesa, n'kumupempha kuti andionetse filimuyo. Tinaonera pafoni, batire itatsala theka.

Kwa amene simunaione, dzina lake pachingerezi ndi Grave of the Fireflies, kunena kuti manda a ziphaniphani. Inatuluka mu 1988, anaikonza ndi Isao Takahata ku Studio Ghibli, kuchokera ku nkhani yomwe Akiyuki Nosaka analemba mu 1967. Ikuchitika mu 1945, kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ndege za America zatentha mzinda wa Kobe. Seita, wa zaka 14, ndi mlongo wake Setsuko, wa zaka 4, ataya mayi awo pamotopo, bambo ali kunkhondo ya panyanja. Akukakhala kwa mayi wina wachibale ku Nishinomiya. Poyamba zinthu zili bwino, koma chakudya chitayamba kuchepa, mawu ayamba kutuluka. Anawo akuchoka, n'kukakhala okha m'phanga lobisalamo mabomba m'mbali mwa dziwe. Setsuko akufa ndi njala. Seita akufera pasiteshoni ya sitima mu Seputembala chaka chomwecho. Sindinakuonongereni, chifukwa filimuyo imayamba ndi imfa ya Seita yomweyo.

Aliyense woona filimuyi amalira, ndipo ambiri akapukuta misozi amaloza chala mayi wachibale uja. Mwana wanga sanayambire pa misozi. Apa ndi pomwe ndikuyamba kuyamikira zolemba zake.

Choyamba, anayang'ana chikombe. Pali malo pomwe mayiyo akugawa phala la mpunga: mwana wake wamkazi ndi mlendo wogona pakhomopo akuwatungira pansi pa mphika pomwe pali mpunga, ana amasiye akuwatungira pamwamba pomwe pali madzi. Zimenezo aliyense amaziona. Koma iye anaonanso malo ena, omwe ine ndinawaphonya mpaka atandibwezera mmbuyo: anthu atadya, mayi yemweyo ali kukhitchini akupala nkhoko za mumphika n'kumadya. Mwana wanga analemba kuti munthu amene akudya nkhoko sakubisa nyama kuchipinda, nayenso ali ndi njala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimakhalira kuyeza mpunga pakapu, ndimadziwa kuti dzanja limanena zoona kuposa pakamwa, koma ndinafunika mwana wa Fomu 3 kuti andionetse dzanja lachiwirilo.

Chachiwiri, sanaope kukhudza Seita, amene tonse timamumvera chisoni. Anawerengera zomwe mnyamatayo anali nazo: ndalama za mayi ake kubanki, denga logonamo, ndi malo pamndandanda wolandirira chakudya cha boma. Anakumbutsa za mlimi uja amene akumulangiza kuti abwerere akapepese, chifukwa nthawi imeneyo chakudya chinkagawidwa kudzera m'magulu a anthu oyandikana nyumba, ndipo wochoka pagulu wachoka pamndandanda. Seita sanabwerere. Mwana wanga analemba kuti Seita ankakonda mlongo wake koposa, koma ankakondanso kusagonja, ndipo pamapeto zinthu ziwirizi zinalimbirana mwana mmodzi. Chiganizo chimenecho ndinachiwerenga katatu.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti Takahata mwini ankakana kuti filimu yake ndi uthenga wongotsutsa nkhondo. Iye ankati akuonetsa ana awiri amene moyo unawakanika chifukwa anadzipatula kwa anthu. Nosaka naye mlongo wake wamng'ono anafadi ndi njala mu 1945, ndipo anavomera kuti iye sanali wabwino ngati Seita, pena ankadya chakudya choyenera mwanayo. Nkhaniyo anailemba ngati kupepesa. Mwana wanga sankadziwa zonsezi. Anafika pafupi ndi maganizo a eni filimu pongoonetsetsa basi. Kwa ine umenewo ndiye umboni woti uku ndi kuunika kwenikweni, osati kungosimba zomwe waona.

Chachitatu, anabweretsa za kwathu popanda kukwirira filimuyo. Pomwe Seita akugwidwa akuba m'munda usiku n'kumenyedwa, iye analembapo mizere itatu yokha ya zomwe agogo ake anamuuza za njala ya 2002, pomwe anthu ogwidwa ndi chimanga chachiwisi ankamenyedwa koopsa. Ine chaka chimenecho ndinali kupulayimale, ndikukumbuka madeya akusanduka chakudya cha anthu. Akanatha kudzaza masamba onse ndi njala ya ku Malawi, filimu n'kuiiwala. Sanatero. Anangotsegula zenera pang'ono, n'kubwerera ku Japan. Olemba ambiri, ngakhale ife akuluakulu m'gulu muno, tikapeza kampata kokamba za ife eni sitibwereranso.

Palinso kanthu kakang'ono ka chiyankhulo. Mawu achingerezi a pansi pa filimu amangoti aunt, liwu limodzi. Chichewa sichilola zimenezo. Uyenera kusankha: azakhali, kapena mayi aang'ono, kapena mayi aakulu. Iye analemba azakhali kuyambira pamutu mpaka kumapeto. Mwina ndi chifukwa choti mayiyo akuoneka wapatali ndi anawo. Mwinanso ankafuna kuti aliyense wotola kopelo asaganize za ine. Kumasulira nakonso ndi kuunika, ndipo nthawi zina ndi kubisala.

Tsono ndifike pomwe zolembazi zikuperewera, chifukwa kuyamikira kopanda kudzudzula ndi kunyengerera.

Mwana wanga anawakhululukira azakhaliwo mopitirira. Anafotokoza bwino za chikombe, koma za pakamwa anadumpha. Mufilimumo mayiyo akugulitsa zovala za malemu posinthana ndi mpunga, Setsuko akulira kukaniza, kenako mpunga womwewo anawo akuumva kuwawa. Akuwanena kuti sathandiza dziko. Setsuko akalira usiku kufuna mayi ake, iye akudandaula za tulo ta anthu ogwira ntchito. Ndipo chachikulu: Seita anabisa imfa ya mayi kuti mwanayo asasweke mtima, koma tikudzamva kwa Setsuko mwini, m'mawa uja akukwirira ziphaniphani zakufa, kuti azakhali anamuuza kale. Tsiku lomwe anawo akunyamula katundu, mayiyo akufunsa komwe akupita, koma sakuwagwira dzanja. Mwana wa zaka 4 akutuluka pakhomo nthawi ya nkhondo, munthu wamkulu n'kungoyang'ana. Zonsezi m'masamba 6 aja mulibemo ngakhale mzere umodzi.

Njala ikhoza kufotokoza chikombe. Siingafotokoze pakamwa. Ndikunena izi ngati munthu amene ndagwirapo chikombecho. Mu 2024, mvula itadula chifukwa cha El Niño, boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Malonda anaima, anthu ankagula ufa wa m'timapepala tija timati walkman, wongokwana mphika umodzi. Kunyumba kwanga mitanda ya nsima ndinkachita kuwerenga. Ndikulumbira kuti sindinachepetseko mtanda wa mwana wa achemwali anga. Koma usiku wina nditatopa, ndalama ya mpamba itadyeka, ndinanena kuti pakhomo pano pakamwa pachuluka. Sindinatchule dzina. Panalibenso chifukwa chotchulira, aliyense anamva. Iye anamaliza kudya, n'kukatsuka mbale zonse osatumidwa.

Ndiye powerenga kope lija ndinadzifunsa: kodi mwanayu sanawaone malo amenewa, iye amene anaona nkhoko? Ayi, anawaona. Anawasiya. Wounika amene akudya mumphika wa munthu yemwe akumuunika amalemba mosamala. Apa ndinaphunzirapo kanthu kokhudza zolemba zonse, osati za makatuni zokha: tikamawerenga ndemanga ya munthu, tizifunsanso kuti ndi chiyani chomwe sakanatha kunena, ndipo chifukwa chiyani. Pena chomwe chasiyidwa chimalankhula kuposa chomwe chalembedwa.

Ndinamufunsa ndithu. Ndinati, "Iwe, bwanji za pakamwa pa azakhali aja sunalembe?" Anayang'ana pansi, n'kuti, "Mayi aang'ono, pepala linatha." Kope linali ndi masamba ena oyera kumapeto. Tonse tinadziwa, ndipo tinaseka pang'ono, kuseka kwa anthu amene akuopa kulira.

Kufooka kwina n'kwakung'ono. Nkhondo yeniyeniyo sanaikhudze. Analemba ngati njalayo inagwa ngati chilala, chonsecho inachita kupangidwa ndi anthu: ena anaponya mabomba pa nyumba za anthu wamba, ena anakakamira nkhondo yomwe inali italuzika kale. Seita mwini amanyadira bambo ake ndi sitima zankhondo, ndipo kusagonja kwake kukufanana ndi kwa dziko lake. Mwana wanga anaona mphika, sanaone amene anayatsa moto. Koma ali Fomu 3, nthawi ilipo. Komanso Chichewa chake chimasakanikirana ndi chingerezi pena pomwe mawu athu alipo, ndipo ndime zake n'zazitali ngati msewu wa ku Zomba. Zimenezo zimakonzeka.

Chomwe sichiphunzitsika msanga ndi chomwe ali nacho kale: kuonera chinthu kawiri, kufunsa funso lomwe yankho lake silikukomera, ndi kukana kugawa anthu kuti uyu mfiti, uyu mngelo. Kusukulu tinkaphunzira kuunika Chichewa kuti tikhoze mayeso: tchulani ampangankhani, fotokozani phunziro. Iye palibe anamutuma, palibe malikisi, palibe amene ankayembekeza kuwerenga. Anangoona kuti filimuyo yamusiyira mtolo, n'kuutula papepala.

N'chifukwa chake ndikupempha gulu lino kuti tisamanyoze ana athu akamalemba za anime. Inde, zambiri n'zongokangana za nkhonya. Koma pakati pawo pali ena amene akuphunzira ntchito yomwe ife timaifuna pa ndakatulo ndi nkhani zathu, ntchito yowerenga mofatsa. Timadandaula kuno sabata ndi sabata kuti munthu ukaika nkhani yako anthu amangoti "zabwino, pitirizani", osakuuza chomwe chakoma kapena chomwe chaphweka. Owerenga amene tikuwasowawo mwina ali pakhonde, aunjikana pafoni. Ngakhale Naruto amene timamuona ngati phokoso, nkhani yake ndi ya mwana wamasiye amene mudzi wonse ukumusala. Mufunseni mwana wanu chifukwa chomwe amamukondera, mukhoza kumva zomwe simunayembekeze.

Ine sabata yatha ndinamugulira kope latsopano lachikuto cholimba, la ndalama ya nandolo. Ndinamuuza kuti alembe tsamba lomwe linasowa lija, la pakamwa pa azakhali, ndipo kuti sindidzawerenga pokhapokha atandipatsa yekha. Analandira ndi manja awiri. Mpaka lero sanandipatse, koma ndimaona bolopeni ili pakati pa kopelo, ndipo ikusunthira kutsogolo.

Amene munaionera filimuyi, makamaka inu amene munakulira pakhomo pa wachibale kapena mukulera ana a abale anu, ndiuzeni: inu munayang'ana chikombe kapena pakamwa?