Ngoma ya kwa Njobvuyalema

Di! Di! Di! Patukani pabwalo, ana kumbuyo, akulowa eni fumbi.

Inu Ngoma, Chigwedezanthaka, Mdzutsafumbi, Phazi-la-Maseko. Inu munaoloka Zambezi ndi Mputa, munakaponda Songea, munabwerera ndi Chidyaonga n'kudzakhazika chidendene pa Domwe. Zaithwa! Nyoni kumutu, chibiya m'chiuno, michira ya ng'ombe m'mikono, mangenjeza m'miyendo, chishango kumanzere, chibonga kumanja. Mukadzutsa mwendo anthu amagwira mpweya, mukautsitsa amamva a kutsidya kwa dambo.

Di! Di!

Inu Osafa-ndi-mfumu, Mtsala-pamaliro. Mu 1896 Angerezi anawombera Gomani Chikuse, nkhondo za Angoni a kwa Gomani n'kuthera pomwepo. Mkondo unaleka kudya anthu, koma phazi silinamve lamulo la Boma. Amene ankavina pokonzekera nkhondo anayamba kuvina pamaliro, paukwati, polonga mfumu, ndipo kuponda kwake sikunafewe ayi.

Inu Mpezedwa-kale. Mu 1901 ansembe atatu a chipani cha Montfort, abambo Pierre Bourget, Antoine Winnen ndi Auguste Prézeau, anatulukira kwa Njobvuyalema namanga mishoni pa Nzama. Belu linalira, ana anayamba katekisimu, koma alendowo anakupezani muli pabwalo, thukuta lili kamukamu. Wawa, Ngoma!

Di! Di! Di!

Tamvani izi, inu Osagulitsa-chiphaso. Kwawo kwa abambo Bourget, mu 1909, anthu a ku Paris analipira ndalama pakhomo la Théâtre du Châtelet kuti akaone gule wankhondo. Anamuchotsa m'sewero loimba la Prince Igor, nyimbo zake za Alexander Borodin, pamene mfumu Konchak ikulamula anthu ake kuti avinire kalonga wogwidwa kunkhondo. Woyala mapazi anali Michel Fokine, mwini gulu Sergei Diaghilev, wolumpha ndi uta patsogolo Adolph Bolm. Anavina, tisawanamizire, mbiri yawo inamveka maiko ambiri. Koma ankhondo a Fokine anali ankhondo a usiku umodzi, akavula zovala n'kukagona kuhotela. Inu chaka chomwecho ankakuvinani madoda a zipsera zenizeni, oti nkhondo ya Chikuse anaiona ndi maso.

Nanga inu anakuyalani ndani? Anakuyalani akulu a m'mudzi, kumuuza mnyamata kuti dikira, usathamangire nyimbo. Anakuyalani amayi oombera m'manja kumbuyo kwa mzere, nthungululu ikutsogolera mwendo. Inu Mzere-umodzi, Mapazi-makumi-kugunda-kumodzi, Mnyazitsa-wofulumira!

Di!

Inu Mkana-goli, mnzake wa Philip Gomani amene mu 1953 anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, atsamunda n'kumuchotsa pampando ku Lizulu. Bayethe Nkosi! Ena lero amakuitanirani kumsonkhano wa ndale, kukupatsani mphindi zochepa alendo asanadye. Kumeneko n'kukuchepetsani, Ngoma, inu si ndiwo zoonjezera.

Di! Di! Di! Chaka ndi chaka Angoni a Maseko amasonkhana pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo, pamanda a Gomani Chikuse. Anyamata a pa Nzama, mwakolola mbatata, mwagulitsa kabichi. Tsitsani chibiya cha agogo anu chisanathe ndi njenjete, mukafunse madoda mapondedwe ake, tikakuoneni pamzere ku Nkolimbo.