Wakanda imalonjerana m'Chixhosa, imaganiza m'Chingerezi

Filimu ya Black Panther, yomwe m'Chipwitikizi imatchedwa Pantera Negra, idatuluka mu 2018 ndipo idapeza ndalama zoposa madola 1.3 biliyoni. Ambiri adaiyamikira chifukwa cha zovala zake, nyimbo zake, komanso poonetsa Wakanda, dziko lopeka la mu Africa lomwe atsamunda sadalilamulirepo. Kwa aphunzitsi ndi ofufuza za maphunziro a zilankhulo ziwiri, filimuyi ikudzutsa funso lina: kodi anthu a ku Wakanda amalankhula chilankhulo chawo pa nkhani ziti?

Nthanoyi idachokera m'mabuku a nthano zojambula a kampani ya Marvel ku America. Stan Lee ndi Jack Kirby ndiwo adapeka ngwazi T'Challa, mfumu ya Wakanda, mu 1966. Adani ake adabwera pambuyo pake. M'Baku adaonekera koyamba mu 1969, atavala chikopa cha gorila woyera, ndipo ankatchedwa Man-Ape, kutanthauza munthu-nyani. Erik Killmonger adapekedwa mu 1973 ndi Don McGregor ndi Rich Buckler. Zonsezi zidalembedwa m'Chingerezi, ndipo owerenga ake ambiri adali a ku America.

Wotsogolera filimuyi, Ryan Coogler, ndi mlembi mnzake Joe Robert Cole, sadangokopera zimene zidali m'mabukumo. Dzina la Man-Ape adalitaya, poti kufanizira munthu wakuda ndi nyani ndi chipongwe chakalekale cha atsankho. M'Baku wa m'filimu ndi mtsogoleri wa fuko la Jabari, lokhala kumapiri. Amapikisana ndi T'Challa polimbirana ufumu, koma pambuyo pake ndiye amene amamupulumutsa.

Kusintha kwakukulu kudachitika pa Killmonger. M'mabuku, iye sadali wachibale wa mfumu. M'filimu ndi mwana wa N'Jobu, mng'ono wa mfumu T'Chaka, kotero iye ndi T'Challa ndi pachibale chenicheni. T'Chaka adapha mng'ono wakeyo mumzinda wa Oakland mu 1992, nkusiya mwanayo komweko kuti chinsinsi chisaululike. Motero mdani wa m'filimuyi ndi mwana wamasiye wa banja lachifumu, amene akufunsa chifukwa chomwe Wakanda idabisira chuma chake pamene anthu akuda ankagulitsidwa ndi kuponderezedwa. Njira zake ndi zankhanza, koma funso lake ndi lomveka, mwakuti T'Challa amakadzudzula makolo ake ku dziko la mizimu. Apa olembawo adachita bwino koposa mabuku aja.

Chinthu china chomwe buku silikadapereka ndi mawu omveka m'makutu. Pa pepala, wowerenga sadziwa kamvekedwe ka chilankhulo cha ku Wakanda, koma filimu iyenera kusankha. Chisankhocho chidadza kudzera mwa John Kani, katswiri wa zisudzo wa ku South Africa, amene adasewera ngati T'Chaka mu filimu ya Captain America: Civil War mu 2016. Iye adalankhula chilankhulo chake, Chixhosa, ndipo Chadwick Boseman, wosewera ngati T'Challa, adaphunzira kumuyankha. Kuyambira pamenepo Chixhosa chidakhala chilankhulo cha Wakanda.

Pali malo amodzi pomwe chisankhochi chimagwira ntchito yaikulu. Killmonger atabweretsedwa ku bwalo la mfumu ali womangidwa, amalankhula Chingerezi cha m'misewu ya ku America ndipo akuluakulu amamuona ngati mlendo wamwano. Mkulu wina atamufunsa m'Chixhosa kuti ndiye yani, iye amayankha m'Chixhosa momwemo, kutchula dzina lake lobadwa nalo, N'Jadaka, ndi la bambo ake. Bwalo lonse limadzidzimuka, ndipo mphete yachifumu imangotsimikiza zimene makutu amva kale. Koma akapita ku dziko la mizimu, amapezeka m'nyumba ya ku Oakland, akucheza ndi bambo ake m'Chingerezi. Chilankhulo cha makolo ali nacho chokwanira kutchula dzina, osati chofotokozera chisoni chake. Aliyense wodziwa mwana wokulira m'tauni amene amavutika kucheza ndi agogo ake kumudzi angamve kuwawa kwa zimenezi.

Vuto ndi lakuti si Killmonger yekha amene ali choncho. Mverani anthu obadwira ndi kukulira ku Wakanda. Chixhosa chimamveka polonjerana, polamula asilikali, pa miyambo, ndi pamene mkulu wa asilikali Okoye akufuna kunena zoti mzungu Everett Ross asamve. Koma Shuri, mlongo wa mfumu komanso katswiri wa sayansi, akamafotokoza mmene chitsulo cha vibranium chimagwirira ntchito, amalankhula Chingerezi, ngakhale pamene akulankhula ndi mlongo wake T'Challa. Mkangano waukulu wa filimuyi, woti Wakanda itsegule zitseko zake kapena ayi, umachitika m'Chingerezi. Dziko lomwe silidalamulidwepo ndi Angelezi likuweruza milandu, kuchiza odwala ndi kupanga zida m'chilankhulo cha Angelezi.

Zifukwa zake n'zosabisika. Filimuyi idapangidwira msika wa ku America, ndipo osewera ake ambiri sadziwa Chixhosa. Wina anganenenso kuti Chingerezicho chikungoimira chilankhulo cha Wakanda kuti oonera amve. Koma mfundo imeneyi imafooka poti zilankhulo zonse ziwiri zikumveka m'filimu imodzi. Woonera amaona kuti china ndi cha mwambo ndi chinsinsi, china ndi cha nzeru. Filimu yotsatira, Wakanda Forever ya mu 2022, idasintha Namor, yemwe m'mabuku ndi mfumu ya Atlantis, kukhala mtsogoleri wa Talokan, anthu olankhula Chimaya cha ku Yucatán. Ndi kusintha kolimba mtima, koma nakonso zokambirana zikuluzikulu za Namor ndi Shuri zili m'Chingerezi.

Kugawa ntchito kwa zilankhulo kotereku si kwachilendo m'sukulu za ku Mozambique. Kuyambira 1993 mpaka 1997, pulojekiti ya PEBIMO idayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo pambuyo pake maphunziro a zilankhulo ziwiri adalowa m'dongosolo la sukulu za pulayimale. Mwana amayamba kuwerenga ndi kulemba m'chilankhulo cha kwawo, kenako Chipwitikizi chimatenga malo pang'onopang'ono. Ngozi yake ndi yomweyo ya ku Wakanda: Chinyanja chikhoza kutsalira pa moni, nyimbo ndi nthano, pamene masamu ndi sayansi zikusamukira ku Chipwitikizi. Mwana wa ku Angónia kapena ku Tsangano safunika kuuzidwa ndi munthu kuti chilankhulo cholemekezeka ndi chiti. Amangoona chomwe aphunzitsi amagwiritsa ntchito phunziro likafika povuta.

Black Panther ndi filimu yabwino, ndipo mphoto zitatu za Oscar zomwe idalandira mu 2019, pa zovala, pa mapangidwe a malo ndi pa nyimbo, zidaiyenera. Idatenga adani awiri omwe mabuku adawalemba mopepuka nkuwasandutsa anthu okhala ndi zifukwa zawo. Idaikanso chilankhulo cha mu Africa m'makutu mwa anthu mamiliyoni. Koma idalimba mtima kupeka chitsulo chogwa kuchokera kumwamba, ndege zosaoneka ndi sitima zoyenda ndi maginito, nkulephera kupeka mtsikana wofotokoza sayansi m'chilankhulo cha amayi ake.

Mphunzitsi amene angaonetse filimuyi kwa ophunzira okulirapo ali ndi ntchito yosavuta yowapatsa. Asankhe gawo limene Shuri akufotokoza za chovala chatsopano cha T'Challa, chomwe chimasunga mphamvu ya nkhonya nkuibweza kwa womenya. Ophunzirawo alifotokoze m'Chinyanja, ndipo pomwe mawu asowa, akambirane mpaka agwirizane mawu oti agwiritse ntchito. Mawu amenewo alembedwe pa bolodi, ndipo agwiritsidwenso ntchito pa phunziro la sayansi la mawa lake.