Mzime Wotseka Khomo

Gunda, lankhula! Mbalule, yankha! Kwindi, kwindi, kwindi!

Tikutamanda inu Return of the Jedi, mzime wa mafilimu atatu a m'nyumba ya George Lucas. Chisamba chidabadwa mu 1977, wopondana naye mu 1980, inu mu 1983. Inu Mtsekakhomo, inu Mlongambale phwando likatha!

Tidakuonerani pompano pa Sharpevale, m'kanyumba ka vidiyo ka malata otentha, tathithikana pa mabenchi, jenereta likuguguda kuseri, magalimoto a ku Salima akudutsa pamsewu ife osacheuka.

Kwindi, kwindi!

Inu Mbwezangongole! Mkulu wanu adatisiya m'malere: Han Solo ataumitsidwa ngati mwala, Luke atadulidwa dzanja, atamva kuti mdani wake Darth Vader ndiye bambo ake omubala. Inu mudakasungunula Han kunyumba ya Jabba. Inu mudaulula kuti Leia ndi mlongo wake wa Luke. Palibe ngongole idagona.

Inu Mkwezaochepa! Ku Endor tianthu taubweya totchedwa Ewok, tonyamula mikondo, miyala ndi zipika, tidagwetsa makina a nkhondo, zisoti za adani n'kuzisandutsa ng'oma. Ife adzukulu a Gomani, odziwa chishango ndi nthungo, tidaponda pansi mpaka fumbi koboo!

Kwindi, kwindi, kwindi!

Inu Mvulachigoba! Bambo uja ataona mwana wake akuphedwa, adanyamula mfumu yake Palpatine n'kuiponya kuphompho. Luke adawavula chigoba chakuda chija. M'kati mudali nkhalamba ya mutu wa zipsera, yongofuna kuona mwana wake ndi maso akeake isanatsirizike. M'kanyumba monse mudangoti zii. Mnyamata wogulitsa mtedza adaima pakhomo, lichero lili m'manja, chenji ataiwala.

Inu Mtsirizamaliro! Luke adaunjika nkhuni, adayatsa moto yekha, adaperekeza bambo ake. Mizimu ya aphunzitsi ake idaonekera itaima pamodzi ndi malemuwo, yopanda mangawa. Kwathu kuno maliro amatha tikameta. Inu mudameta.

Mu 2019 kudabwera The Rise of Skywalker, n'kufukula Palpatine yemwe tidaika kalekale. Wofukula manda sitimuimbira ng'oma.

Mpanje, tsitsa mawu. Gunda, gona. Kwindi.

Nkhani idathera pa moto wa ku Endor, mu 1983.