Mabisiketi a m'poto kwa Kapichi

Cornflakes ndi chimanga chathu chomwechi, kungoti chimaphikidwa, kuphwanthidwa kuti chipyapyale, kenako n'kuwambidwa mpaka kuuma. Kampani ya Kellogg inayamba mu 1906 ku Battle Creek m'dziko la America, ndipo eni ake anakulira mu mpingo wa Seventh-day Adventist, womwewo umene unakhazikika pa Malamulo ku Makwasa mu 1902. Tiyi atafalikira m'mapiri a Thyolo, maesiteti ngati Satemwa n'kutsegulidwa mu 1923, m'nyumba za mabwana munali akhukhi ophika mabisiketi omwera tiyi wa madzulo. Iwowo anali ndi uvuni. Amene ndimawavulira chipewa ine ndi mayi wa kwa Kapichi, ku Thyolo komweko, amene amatulutsa bisiketi yomweyo, yoikamo cornflakes, ali ndi poto, mchenga ndi makala basi.

Amayamba ndi majarini ndi shuga, ndipo apa sathamanga. Amatakasa ndi mthiko mpaka dzanja kuwawa, mpaka chikasu cha majarini chitayererako ndipo shuga wasiya kulira m'mbale. Akatero amaswera dzira, n'kusefera ufa wa tirigu, soda pang'ono ndi kamchere. Kukanda ngati mandasi ayi. Ufa wa tirigu ukakandidwa kwambiri umatamuka, bisiketi n'kutuluka yolimba yothyola mano. Iye amangotembenuza mopepuka, ufa ukangobisika walekeza pomwepo.

Cornflakes amalowa pomaliza. Sawasinja mumtondo poti angasanduke ufa, ndiye ndalama yapita pachabe, pakuti paketi yake si yotchipa. Amatapa dzanja limodzi, kufinya kamodzi, kutsegula. Zina zaphwanyika, zina zatsala zazikulu, ndipo n'zimene akufuna. Theka amasakaniza mkati, theka lina amagubuduzamo timibulu timene waumba kuti kunja kuvale makwinya. Kamubulu kalikonse amakapsinja ndi foloko ndi kusiya mpata wa zala ziwiri, chifukwa pamoto kamatambasuka.

Koma luso lenileni lili pamoto. Pansi pa poto wamkulu amayala mchenga wouma wa kumtsinje, woti ugwire kutentha ndi kukugawa mofanana, pamwamba pake n'kukhazika mbale yachitsulo. Mbaula imakhala ndi makala ochepa, ophimbidwako ndi phulusa. Makala ambiri amapita pachivundikiro, monga momwe amaphikira chigumu. Kusiyana kwake n'kwakuti chigumu chimapirira, pomwe bisiketi ya shuga wambiri imapserera munthu akangotembenuka kukatunga madzi. Alibe choyezera kutentha. Amalowetsa dzanja m'poto, n'kumva pakhungu ngati nthawi yakwana. Akavundikira savundukulavundukula, amadikira mphuno imuuze. Fungo la majarini likayamba kusanduka la chimanga chokazinga, amapalasa makala, kutembenuza mbale kuti mbali yotentha isinthane ndi inzake, n'kubwezeranso pang'ono. "Asisi, musakhudze, sanagone," amatero kwa mnzake wofulumira kulawa, poti bisiketi yotentha imakhala yofewa ndipo imalimba ikamazizira.

Chimene chimandigometsa kwambiri ndi mmene amalimbanirana ndi nyengo ya kuno. Chinyezi chimene chimakometsa tiyi ndi mdani wa bisiketi. Mu June ndi July, chiperoni chikakuta minda, paketi ya cornflakes yotsegula imanyowa tsiku lomwelo. Mayiyu amayamba wawamba cornflakes m'chiwaya chouma kuti abwerere mwakale, ndipo mabisiketi akazizira ndithu, osati akadali ofunda, amawatsekera m'chitini chokhala ndi pepala pansi. Akafulumira kutseka, nthunzi imabwerera ndipo mawa lake zonse zalefuka.

Thumba likavuta amachepetsa cornflakes n'kuonjezera mtedza wokazinga wosinja mwa apo ndi apo. Pamenepo amachotsako supuni imodzi ya majarini, chifukwa mtedza umabwera ndi mafuta ake, ndipo amapungulanso makala apansi poti mtedza suchedwa kupserera.