Manja a Lillian Gish mu Way Down East

Mu 1920, D. W. Griffith analipira madola 175,000 kuti aloledwe kupanga filimu kuchokera ku sewero lakale la Lottie Blair Parker lotchedwa Way Down East. Ambiri ankaona ngati wataya ndalama, chifukwa nkhani yake inali itatha kale fasho: mtsikana wosauka wakumudzi apita kwa achibale olemera ku Boston, mwamuna wandalama amupusitsa ndi ukwati wabodza, kenako amusiya ali ndi pakati. Filimuyo inakoka anthu ochuluka zedi, ndipo chifukwa chake chachikulu ndi mmene Lillian Gish anasewerera mbali ya Anna Moore.

Filimuyi ilibe mawu. Timangowerenga ziganizo zochepa zolembedwa pakati pa zithunzi, zina zonse wosewera amazinena ndi thupi. Osewera ambiri a nthawi imeneyo ankatambasula manja ndi kutong'ola maso kuti ngakhale wokhala kumbuyo kwa holo amve. Gish ankachepetsa. Anna akalowa m'nyumba ya banja la a Tremont, amayenda timasitepe tating'ono, manja atawagwira pafupi ndi thupi, ngati mwana amene wauzidwa kuti asagwire kanthu m'nyumba ya eni. Amamwetulira achibale amene akuchita naye manyazi, ndipo kumwetulirako kumachedwa pang'ono kuchoka pankhope, mpaka woonera kumva chisoni mtsikanayo asanazindikire kuti akumunyoza.

Apa m'pamene pali luso limene ndimalilemekeza kwambiri. Lowell Sherman, amene anasewera ngati Lennox Sanderson, ndi mwamuna waulemu, wovala bwino, wodziwa kudikira. Kukanakhala kophweka kusonyeza Anna ngati wokopeka ndi madiresi ndi magetsi a m'tauni. Gish sanatero. Anna wake amagwa chifukwa m'nyumba yonseyo Sanderson yekha ndi amene wamuyang'ana ngati munthu. Pamaso pake palibe dyera ngakhale pang'ono. Amakhulupirira ukwatiwo ndi mtima wonse, n'chifukwa chake Sanderson akamuululira kuti zonse zinali zabodza, Gish amayamba ndi kuseka, poganiza kuti mwamunayo akungocheza, ndipo timaona kusekako kukuuma pakamwa.

Wojambula Billy Bitzer, pamodzi ndi Hendrik Sartov amene ankadziwa kufewetsa kuwala pankhope, anabweretsa kamera pafupi kwambiri, ndipo Griffith anali ndi chipiriro chosadula chithunzi msanga. Izi zimaonekera m'chipinda cha lendi mmene Anna akulera mwana wake wodwala, mayi ake atamwalira kale. Palibe m'busa pafupi, ndiye amubatiza yekha ndi madzi ochepa. Kenako manja a mwanayo ayamba kuzizira. Anna awatikita, awauzira mpweya wa m'kamwa, awatikitanso. Sakulira ayi, watanganidwa ndi ntchito yofunditsa mwana. Ife oonera tadziwa kale zimene zachitika, iye akupitirizabe, mpaka dokotala afika n'kumuuza. Pamenepo m'pamene thupi lonse likugwedezeka ndi mfuu imene sitikuimva.

Anthu ambiri amakumbukira mapeto ake, pamene Anna wakomoka pa chigamba cha madzi oundana chimene chikuyandama kulowera ku mathithi, David Bartlett, amene anaseweredwa ndi Richard Barthelmess, akudumpha kuchoka pa chigamba china kupita pa china kuti amupulumutse. Anajambuladi pamtsinje wozizira ku White River Junction, ku Vermont, ndipo Gish ndi amene anapereka ganizo loti dzanja lake ndi tsitsi zizikhudza madziwo. Dzanjalo linamuvuta moyo wake wonse. Mathithi amene timawaona mwachidule ndi a Niagara, anangowalumikiza podula filimu. N'zochititsa chidwi ndithu, koma kwa ine zimaposedwa ndi zimene zikuchitika patebulo la chakudya nthawi imeneyi isanafike.

Anna wakhala akugwira ntchito pa famu ya a Squire Bartlett, bambo ake a David, mbiri yake ataibisa. Mayi wamiseche Martha Perkins aiulula, ndipo a Squire amuthamangitsa usiku, kunja kukugwa chipale chofewa. Sanderson ali pomwepo, mlendo wolemekezeka, wakhala phee pampando. Mtsikana amene filimu yonse wakhala akudzichepetsa, mutu pansi, aimirira pakhomo. Gish anasunga mphamvu imeneyi kwa nthawi yaitali ya filimu, osaionetsa ngakhale kamodzi, kotero kuti mkono wake ukatambasuka wonse kwa nthawi yoyamba n'kuloza Sanderson pamaso pa banja lonse, palibe chifukwa chowerengera mawu olembedwa. Sherman nayenso anachita bwino: amatsitsa maso, nkhope n'kugwa, ndipo David amudumphira.