Ndakatulo ya Carlyle inali ndi anthu mkati

Nkhani ya mfumu Frederick William I ya ku Prussia anthu amakonda kuikamba ngati nthabwala. Mkuluyu, amene analamulira kuyambira 1713 mpaka 1740, anali woumira koopsa, koma akangomva zoti kwinakwake kuli mwamuna wamtali, thumba linkamasuka lokha. Gulu lake la asilikali ku Potsdam linkalandira otalika mamita 1.88 kupita m'mwamba. Mu 1716 anapatsa Peter the Great wa ku Russia zokongoletsera chipinda zija zotchedwa Amber Room, iye n'kumubwezera amuna ataliatali. Kunkhondo? Ayi ndithu, sankawatumizako. Yawo inali perete basi.

Chandivuta ine ndi mmene Thomas Carlyle analembera zimenezi m'mabuku ake okamba za Frederick the Great, mwana wa mfumuyi, omwe anatuluka pakati pa 1858 ndi 1865. Kwa Carlyle, mfumuyi inali ngati mlakatuli wosowa mawu, ndipo kutolera zimphonazi kunali ngati kusalaza vesi mpaka limveke bwino. Fanizoli ndi lokoma, sindikana, moti ndinachita nalo kansanje. Komatu mlakatuli akachotsa liwu pamalo pake, palibe mkazi amatsala akulira kumudzi.

Ndipo sikuti Carlyle sankadziwa. Iye yemweyo akufotokoza za kalipentala wina wamtali wa ku Jülich, amene wosaka asilikali anamuuza kuti akhome bokosi lalitali kuposa msinkhu wake. Tsiku lodzatenga, wogulayo anayamba makani, eti bokosi lafupika. Kalipentala, pofuna kuonetsa kuti ntchito yake ilibe vuto, analowamo n'kugona chagada. Pompo anamutsekera, n'kunyamula. Mmene ankatsegula, munthu anali atafa chifukwa chosowa mpweya.

Taganizani, anafa poikira kumbuyo luso la manja ake. Mlembi wina akanaima pamenepa, mwina buku lonse n'kuchokera pomwepa. Carlyle akumumvera chisoni pang'ono, kenako liwiro kubwerera kwa mfumu yake, amene amamukonda mosabisa.

Nafenso tinatengera. Funsani za James Kirkland, mnyamata wa ku Ireland amene nthumwi za Prussia zinamutenga ku London n'kukamusiya ku Potsdam. Yankho lomwe mungapeze msanga ndi lija mfumuyo inkafuna kumva: mamita 2.17.